Makoswe a ba Dokota Akana Kudwala

"Makoswe aya sanabwele kuno kuzanenepa, Killian!"

"Manje nichite bwanji, ba Dokota? Nawauza mu Chinyanja kuti adwale, akana. Nayesa na Chibemba, aniyang'ana chabe."

"Usaniseke, iwe. Mawiki eyiti akudya chakudya chilibe kopa olo pang'ono. Ubweya unafunika kutuwa, mitima inafunika kutupa. Koma ona! Ang'anima monga nsapato za msilikali. Unaikamo chani mu chakudya chao?"

"Vamene munalemba pa pepala."

"Bodza."

"Awe, kapena pepala ndiye ya bodza."

Ine ndinali kuseri kwa chitseko, manja ali m'beseni, ndikutsuka mabotolo omwera makoswe omwewo. Botolo limodzi ndinalitsuka katatu pofuna kumva bwino. Amene ankakalipawo anali ba Dokota Musonda, mayi wamfupi wokhala ku Kabulonga, amene anabwerako kumaphunziro kunja ali ndi funso limodzi lokha m'mutu: kodi mtima umatani ukasowa mkuwa, kopa uja, m'chakudya? Amene ankayankha mwamwanoyo anali Killian wa ku Mufulira, wosakaniza chakudya cha makoswe ndi kuwayeza pasikelo. Anali wamtali, wa mpata pamano, ndipo ine ndinali nditasankha kale mayina a ana athu atatu, ngakhale kuti iye ankangondidziwa kuti mwaiche, kamwana ka mabotolo.

Ba Dokota anayetsemula. Sankalowa m'chipinda cha makoswe ayi, fungo lake linkawatulutsa misozi, ndiye ankalamulira ali pakhomo, mpango uli pamphuno.

"Mvela, Killian. Gulu yachiwili, tung'ono tuja, twayamba wiki yatha. Pa mapeto a mwezi nizayeza mitima yao. Nikaipeza ili bwino monga iyi, utenge jekete yako ubwelele kwanu ku migodi."

"Zamveka, ba Dokota."

Zamveka! Basi? Munthu akukuthamangitsa m'Lusaka, iwe n'kungoti zamveka? Botolo linandipulumuka, mwamwayi linagwera m'madzi. Masabata atatu okha, kenako Killian akwere basi ya ku Copperbelt, ine Bernadette nditsale ndi makoswe makumi anayi ndi mayina atatu opanda eni ake.

Ntchitoyi ndinaiyamba nditangomaliza Fomu Faifi, podikira zotsatira za mayeso zimene zinkachedwa ngati zikubwera wapansi. Chinali chaka chimene sopo anasowa m'tauni, nthawi imene munthu ukaona mzere pasitolo unkayamba waima kaye, n'kufunsa pambuyo chimene chabwera. Kanyumba kathu ka makoswe kanali kuseri kwa maofesi ena ku Longacres, pansi pa mtengo wa jakaranda. Sabata yoyamba ndinafunsa Killian chifukwa chake dziko lokumba mkuwa usana ndi usiku likuwamana mkuwa makoswe ake. Yankho sindinkalifuna kwenikweni. Ndinkangofuna aziyankhula.

"Mu mtima muli tunthu tung'ono, sungatuone na maso," anatero. "Dzina yake mitokondiliya. Tuganize monga tumbaula. Ndiye tupatsa mtima mphamvu kuti uzigunda. Manje kuti kambaula kayake bwino, kafuna kopa, pang'ono chabe, monga mchele mu ndiwo. Kopa ikasowa, moto uchepa. Mtima ukaona kuti mphamvu yachepa uyamba kuonjezela mbaula, na mbaula zija zitupa, zidzala malo yonse, koma zonse ni utsi chabe. Mtima ukula, koma ni wofooka. Ba Dokota afuna kuona vimenevo, atumize na mafoto kunja. Ndiye chifukwa chakudya chao chilibe kopa, madzi yao titcheza monga kachasu, na iwe usalowe muno olo na kandalama ka ngwee imodzi mu thumba. Wamvela?"

Ndinagwedeza mutu. Za mbaula ndinazimva. Zinazo zinandidutsa, chifukwa ndinkayang'ana zala zake.

Zala zimenezo sizinkapuma. Pa nthawi ya nkhomaliro Killian ankakhala pansi pa jakaranda n'kumatsegula mawailesi akufa a anthu, ya mlonda, ya mayi wotaipa makalata, ya dalaivala wa ofesi yoyandikana nayo, ndipo posakhalitsa inkayamba kuimba rumba. Timawaya tofiirira timene ankadula tinkagwera m'fumbi. Iye akachoka, ine ndinkatola n'kuika m'kachitini ka mafuta odzola. Musandifunse chifukwa chake. Ena amasunga maluwa m'buku.

Ndiye tizitsulo togwirira mabotolo kumakola tinayamba kuthyoka, kamodzi lero, tiwiri mawa. Tatsopano ankati tili pasitima, ndipo sitimayo inali panyanja kuyambira chaka chatha. M'Lusaka wa masiku amenewo chilichonse chinkamangidwa ndi waya: chitseko cha minibasi, magalasi a aphunzitsi, chivindikiro cha mphika, nsapato ya kondakitala. Ine ndinangotsegula kachitini kanga. Botolo lililonse ndinalimanga ku khola, waya n'kudutsa m'kati pafupi ndi kapaipi komwera, ndipo popota mfundo iliyonse ndinkamva ngati ine ndi Killian tikugwira ntchito imodzi ndi manja anayi. Patapita masiku wayayo anada, osaonekanso kufiira, ndipo palibe amene anafunsa.

M'mawa wotsatira mkangano uja ndinalawira kwambiri, nditatsimikiza mtima kuti ndigwira mdani wa Killian. Ndinkaganizira mlonda. Mwina ankaponyera makoswe nshawa pazenera. Ndinanunkhiza thumba la chakudya, ndinasuzumira pansi pa mashelefu, ndinagwada n'kufufuza makoko. Kenako ndinamva kwete, kwete, kwete.

Linali khoswe lalikulu kuposa onse, limene ndinalipatsa dzina loti Gavanala chifukwa cha mimba yake. Linaimirira ndi miyendo yakumbuyo, litagwira waya wanga ndi timanja tiwiri ngati munthu akudya chimanga chootcha. Pamene mano anapala, wayayo ankawala psuu ngati ndalama yatsopano: mkuwa weniweni. Ndinapita pa khola lachiwiri, chimodzimodzi. Lachitatu, waya anali atatsala pang'ono kuduka. Tiana ta gulu lachiwiri nato tinali titaphunzira kale kwa akuluakulu.

Ndinakhala pa ndowa yovundikira. Mdani wa Killian ndinamugwira ndithu, ndipo anali atavala diresi langa.

Madzulo a tsikulo, kwathu ku Kabwata, mkulu wanga Barbara ankandiluka tsitsi pakhonde, mutu wanga uli pakati pa maondo ake. Ndinamufotokozera zonse ndikuyang'ana pansi. Anaseka mpaka chipeso chinagwa.

"Ndiye makoswe a boma anenepa na chikondi chako!"

"Ba Barbara, chepetsani mawu, amai angamve."

"Uza ba Dokota."

"Anganichotse nchito."

"Uza mwamuna wako."

"Si mwamuna wanga."

"Manje vuto ili pati?"

"Azafunsa kuti waya ninaitenga kuti."

Apa anaseka koposa, mpaka amayi anafunsa ali kukhitchini ngati kwabwera wopenga. Barbara anandikoka tsitsi kuti ndiwongole khosi.

"Iwe, vinthu vapafupi uvipanga monga filimu ya ku India. Chotsa waya, umange na malegeni. Makoswe adwale, mwamuna akhale, iwe utseke pakamwa. Mawiki yatatu yakwana?"

"Tung'ono tudwala msanga. Ndiye mwamene ananenela."

"Aha. Ananenela. Na kukhosomola kwake uli nako mu kachitini?"

Lachitatu ndinafika ndi malegeni odula ku chubu chakale cha njinga ya bambo. Ndinamasula mawaya makumi anayi, zala mpaka kutuluka matuza, n'kumanga mabotolo onse ndi mphira, mfundo ili kunja kuti mano asaipeze. Sizinkaoneka bwino, koma ndinapita kunyumba ndikuimba. M'minibasi mayi wina anandiponda phazi ndipo ndinamupepesa ndine.

Lachinayi m'mawa ndinapeza malegeni anga ataunjikidwa bwinobwino pawindo. Mabotolo onse anali atamangidwanso ndi waya watsopano, wofiira, wonyezimira. Mfundo zake sizinali zanga. Zinali zopota katatu n'kuthera ndi kamphete kakang'ono, mmene Killian ankathera waya aliyense m'wailesi.

Choyamba mtima unadumpha. Waona ntchito yanga! Waona kuti mwaiche wavutika ndi mphira zonyansa, watsalira anthu onse ataweruka, wandikonzera, osanena kanthu. Ndinagwira kamphete kamodzi ndi nsonga ya chala. Kenako nzeru zinabwerera. Munthu wosauka ameneyu ankadzikumbira dzenje yekha osadziwa, ndipo ankakumba chifukwa chondikomera mtima ine.

Ndinamasulanso onse.

Anamanganso onse.

Zinapitirira choncho. Ine ndinkaweruka folo koloko kuti ndikapeze malo m'basi, iye ankatsala kulemba za kulemera kwa makoswe. M'mawa ndinkapeza waya, masana mphira, ndipo makoswe, amene usana amagona, ankadzuka nthawi yabwino n'kupeza phwando lawo litakonzedwa. Kachitini kanadzaza, ndinayamba kuika m'sokosi yakale. Pakati pa ine ndi Killian panalibe liwu lililonse la nkhaniyi.

"Shani, mwaiche?"

"Bwino, ba Killian."

Tsiku lina ndinalimba mtima. Ndinamupeza pansi pa jakaranda, mphuno ili m'mimba mwa wailesi.

"Ba Killian, waya uja… siungachite chinthu ku makoswe?"

"Waya uti?"

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, nthawi yoyamba kundiyang'ana m'maso kwa nthawi yaitali choncho.

"Palibe," ndinatero. "Wailesi iyo ni ya ndani?"

Lamlungu ku Misa anthu ankapempherera odwala kuti achire, ine ndinkapempherera athanzi kuti adwale. Tsiku lililonse ndinkanyamula tiana tija kamodzikamodzi n'kupita nato pawindo, kufunafuna ubweya wotuwa. Ndinkaika chala pachifuwa pake kumvera ngati mbaula zayamba kufuka utsi, koma timitima tinkangothamanga tititi, tosangalala. Kamodzi ndinapeza kena katatuwa msana ndipo ndinatsala pang'ono kululutira. Nditapemerera, kutuwako kunauluka. Unali ufa wa chakudya.

Lachisanu lomaliza mwezi linafika msanga ngati lathamangitsidwa. Ntchito yovuta yopha ndi kutumbula tiana tija Killian anaigwira yekha m'chipinda cham'kati, ine sindinkaloledwa ndipo sindinkafuna. Anatuluka ndi thireyi ya timbale tagalasi, kalikonse kali ndi kamtima kamodzi, kakang'ono ngati nyemba, kofiira, kolimba. Ba Dokota anakhala kutsogolo kwa sikelo yawo yaing'ono ija imene sitinkaloledwa ngakhale kuipumira. Ine ndinaima pakona ndi mopu, ndikukolopa malo amodzimodzi.

"Uyu ali bwino," anatero ba Dokota, n'kulemba. "Uyu ali bwino. Na uyu." Mawu oti bwino ankawatchula ngati akutukwana. Pa wachisanu ndi chimodzi anaika pensulo pansi. "Mitima ya othamanga mpikisano. Killian, jekete."

Jekete anali atavala kale. Ndinaonanso kachikwama pansi pa tebulo, kotupa, komanga ndi lamba. Nkhope yake inali yodekha, pakona pa mlomo pakunjenjemera pang'ono, ndipo ndinati mumtima: taonani mwamuna, akuzimeza misozi kuti ine ndisaone.

"Zikomo pa vonse, ba Dokota," anatero, n'kuwerama kuti anyamule chikwama.

Mopu inagwa. Sindikukumbuka kuthamanga, ndimangokumbuka ndikubwerera ndi kachitini kudzanja lina, sokosi kudzanja lina, n'kukhuthula zonse patebulo pafupi ndi sikelo yopatulika ija. Timawaya tinabalalika, tina tinagwera pamiyendo ya ba Dokota.

"Ndine! Si ba Killian, ndine! Tuzitsulo tunathyoka, ninamanga mabotolo na waya, makoswe akhala akudya waya kuchokela pa chiyambi. Chakudya chili bwino, pepala ili bwino. Ndine nekha, ba Dokota. Chotsani ine."

Zoti winawake ankamanganso madzulo sindinanene. Ndinkamuteteza.

Ba Dokota anatola kawaya kamodzi, anatulutsa galasi lokulitsa m'thumba la malaya awo oyera, n'kuyang'ana zipsera za mano kwa nthawi yaitali. Kenako anaimirira, anasiya mpango patebulo, n'kulowa m'chipinda cha makoswe mpaka m'kati. Tinamva akuyetsemula. Ndinawerenga kufika khumi ndi kamodzi. Anatuluka misozi ili mbwembwembwe, mapewa akugwedezeka, ndipo zinanditengera kanthawi kuzindikira kuti akuseka.

"Ninatcheza madzi," anatero akupuma movutikira. "Ninaitanitsa mchele kuchokela kunja. Usiku sinigona, niganiza kuti vonse vamene ninaphunzila ni vabodza. Kanshi ni waya! Mu dziko ya kopa, ine ninaiwala kuyang'ana waya!" Anapukuta maso ndi mkono wa malaya. "Killian, mwana wanga, unikhululukile. Ninakunamizila. Vula jekete. Mande tiyamba futi na gulu yatsopano, mawiki eyiti, na nizalembela ku ofesi kuti ukhale na ine mpaka chaka chamawa."

Killian anayang'ana chikwama chake, kenako kudenga. Ndinati ndi chimwemwe chimenecho.

"Iwe Bernadette," anatembenukira kwa ine. "Ndiwe wopusa, koma siwabodza. Mande nizabweletsa chingwe cha nailoni chochokela kunyumba kwanga. Na ndolo izo uzivule ukalowa muno. Manje chokani nonse, nifuna kuseka nekha."

Kunja dzuwa linali paliwombo. Ndinayenda pang'onopang'ono kulowera kuchipata kuti andipeze. M'mutu ndinali nditakonza kale zonse: adzandigwira dzanja, adzati Bernadette, osati mwaiche, ine ndidzayang'ana kumbali n'kunena kuti sikanthu. Koma anandidutsa ngati mphepo, chikwama paphewa, osacheuka. Ndinadikira masitepe asanu. Kudikira si mphatso yanga. Ndinamuthamangira mpaka pa siteji ya basi.

"Ba Killian!"

Anatembenuka. Mpata wa pamano uja sunaoneke.

"Wachita chani, iwe? Wachita chani?"

"Nakupulumutsani."

"Wanipulumutsa!" Anaponya chikwama pansi. Mayi wogulitsa chinangwa chootcha pafupi nafe anasiya kutembenuza n'kukhala bwino kuti amve. "Waya uja ninauona wiki yachiwili. Yachiwili! Ninati Lesa wanitumila mngelo wopusa. Ninakhala chete, ninapilila kutukwanidwa mawiki eyiti, vinthu vinali kuyenda bwino. Manje mngelo abwela na malegeni!"

"Munadziwa?"

"Nanga nili na maso ya chani? Madzulo yalionse nimanga mabotolo fote. Fote! Ona zala zanga."

"Na ine m'mawa ulionse nimasula fote! Onani zanga!"

Tinaonetsana zala pakati pa msewu ngati ana olimbirana bala lalikulu. Mayi wa chinangwa anasuzumira n'kunena kuti za mtsikana ndiye zatupa kwambiri.

"Koma chifukwa chani?" ndinafunsa. Mawu anga anali atachepa.

Anakhala pa chikwama chake n'kupukusa mutu. Anati ntchitoyi anamupezera amalume ake amene ankawatchula ba yama, ba Chibwe a ku Chelstone, atcheyamani a nthambi ya Chipani, amene ankamusunganso pakhomo pawo. Anayenda maofesi atatu atavala suti kuti mphwawo alowe ntchito ya malaya oyera, ndipo kalata inapita ku Mufulira yoti mwana tsopano ndi theka la dokotala.

"Nikasiya nekha, ni kutukwana ba yama. Bamayo sangatulukenso panja. Koma bakanichotsa ba madamu okalipa a ku Kabulonga, iyo ni tsoka chabe, onse azanimvela chifundo. Mnzanga Reuben ali na kashopu ka mawailesi pa maliketi ku Mufulira. Benchi ilipo, ya ine, iniyembekeza kuchokela Janyuwale. Ine sinifuna kudula makoswe, mwaiche. Nikagona niona tumitima pa thileyi. Nifuna mawailesi. Ninali nafika pa geti, tikiti ili mu thumba, manje wanimanga mpaka chaka chamawa!"

Anatulutsa tikitiyo n'kundionetsa. Inali ya basi ya mawa m'mawa. Anali ataipinda bwino, katatu.

Ndinafuna kumumvera chisoni, ndipo mwina mawa lake ndikanatha. Koma pa nthawiyo m'makutu mwanga munkangolira mawu atatu aja, mpaka chaka chamawa, ndipo ndinaluma mlomo kuti usandipereke.

"Useka?" anatero.

"Siniseka."

"Useka! Iwe, nchito ni yanga, makoswe ni a ba Dokota. Iwe vinakukhudza pati? Gavanala ni mbale wako? Ndani anakutuma kuti unipulumutse?"

Minibasi inatulukira pakona, kondakitala atalendewera pachitseko akukuwa, "Tauni, tauni! Awili chabe!" Killian anaimirira n'kunyamula chikwama. Mayi wa chinangwa anandiyang'ana, n'kukweza nsidze, n'kuloza basiyo ndi mlomo.

Ndinagwira lamba wa chikwamacho ndi manja onse awiri, matuza ndi matuza omwe.

"Makoswe yanu sininayafune olo tsiku imodzi, ba Killian. Nifuna imwe. Nifuna mukhale mu Lusaka, na Sondo mubwele ku Kabwata mukaonekele kwa amai."